Datsun ya Malemu a Nkhuwa

Anaibweretsa chokoka,
pa chingwe cha buluu cha mfundo zitatu,
ana a ku Mandevu akuithamangira m'fumbi.
Mayi Tisauke anatsika m'lole
makiyi ali omanga pansonga ya chitenje.
"Sindikufuna kuti iwale," anatero.
"Ingofika ku Soweto ndi matumba a kabichi
dzuwa lisanatuluke."

Ndinagwada. Ntchito iyi imayambira pa maondo.
Dzimbiri silikhala pamene pafika maso,
limakonda kunsi kwa chitseko, m'khwapa mwa madigadi,
pansi pa kapeti, pomwe madzi a Januwale
agona zaka zisanu osalipira lendi.
Ndinabaya ndi msomali, pang'ono pokha,
ndipo ndinaona dothi la Lusaka
kudzera pomwe dalaivala amaponda.

Chitseko cha kumanzere ndinachigogoda ndi chala.
Sichinayankhe ngati chitsulo,
chinangoti phu, ngati dzungu lowola.
Nditakumba ndinapeza phala lokhuthala ngati chikhatho,
kuseri kwake waya wa khola la nkhuku,
nyuzipepala yofwifwa, chigamba cha chitini cha mafuta ophikira,
zonse zopakidwa penti bwinobwino.

Ndinawaitana kuti aone.
Anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anaseka
kuseka kosafika m'maso.
"Ndi manja awo amenewo.
Anamata okha usiku, pa nyali ya parafini,
kuti abale anga a ku Katete asaone chiboo.
Ngakhale chifuwa chija ankachimata chomwecho,
mpaka tsiku limene tinawanyamula."

Sindinayankhe. Ndinatenga choko
ndi kulemba mzere kutali ndi bala,
chifukwa chofiira chimene ukuona ndi mutu chabe,
miyendo yake ili pansi pa penti yooneka yabwino.
Umadula mpaka chitsulo chitaseka mano oyera,
ukachita chisoni, mvula ikubwerayi idzakuseka ndiwe.

Magetsi anathima galainda ili pakati pa nyimbo.
Ine ndi Dalitso wamng'ono wa kwa a Zgambo
tinakhala pansi ndi sandipepala ndi bulashi ya waya,
kwecha, kwecha, tsiku lonse,
malovu athu kufiira, mphuno kufiira,
tiyi kukoma misomali.
Anayaka usiku, agalu atayamba kale msonkhano,
ndipo ndinawotcherera chigamba chochoka pa denga la minibasi yakufa,
kadontho apa, kadontho uko,
kuti lata lisapindike ndi moto.

Mankhwala odya dzimbiri anadetsa zotsalira m'makona.
Ndinatsuka, ndinaumitsa, ndinadikira.
Kudikira ndiko kumene makasitomala salipira.
Penti yoyamba yofiira, ina yotuwa pamwamba,
kenaka yobiriwira, yosafanana kwenikweni ndi yakale,
pakuti ya mtundu umenewo ku Kamwala inatha kalekale.
M'kati mwa zitseko ndinathira oyilo wakuda wotsala,
ndi kutsegula ndi waya timabowo ta pansi
tomwe matope anatseka:
madzi akalowa, apeze njira yotulukira.

Pobwera kudzatenga ndinawauza zanga zonse.
Mukadutsa m'zithaphwi za ku Kanyama, tsukani kumimba kwake.
Musaimike pa udzu. Kabichi wonyowa asagone m'mbuyo.
Kamwala kakagamula penti, pakani tsiku lomwelo,
ngakhale ndi utoto wa zikhadabo.
Ankangogwedeza mutu, maso ali pa mulu wa zinyalala.
Anawerama, anatola chigamba cha chitini chija,
anachipukuta ndi chitenje
n'kuchiika m'kabokosi ka kutsogolo, pamodzi ndi mapepala a galimoto.

Inalira kachitatu.
Utsi wake utatha pa geti ndinatseka,
ndipo patapata wa geti langa, amene ndakhala ndikuti mawa,
anandisiyira m'dzanja
ufa wofiira.